Chaka Chimene Abambo Anafewetsa Sitima

Abambo anga sanaonepo nyanja. Madzi aakulu amene anawaonapo pa moyo wawo ndi a mtsinje wa Bua ukasefukira, ndipo ngakhale pamenepo ankaimira patali atapindiratu thalauza, ngati kuti madziwo awalondola kumtunda. Komabe munthu yemweyu ndi amene anasunga sitima yapamadzi m'nyumba mwathu ku Santhe, n'kumaisamala kuposa mmene anasamalira wina aliyense wa ife opuma mpweya.

Sinali sitima yeniyeni, musadabwe. Inali yoyerekezera, kutalika kwake ngati benchi yokhalapo anthu awiri, yopangidwa ndi timatabwa topyapyala ndi mkuwa. Kunsi inali yofiira, pakati yakuda, pamwamba yoyera, ndipo inali ndi machumuni atatu opendekera kumbuyo. M'mbali munali timawindo tosawerengeka, timabwato tolendewera pa ulusi, ndi timipando tating'ono ngati chikhadabo timene akuti azungu ankakhalapo poothera dzuwa. Zonsezi zinali m'bokosi lagalasi. Akuti inapangidwa kunja kalekale, potengera sitima ina yaikulu imene inkawolotsa anthu nyanja zamchere ndege zisanachuluke. Dzina lake linalembedwa kutsogolo ndi zilembo zamkuwa, koma sindilemba pano. Ndinalimva mokwanira.

Abambo anali kapitawo pa esiteti ina ya fodya cha ku Lukwa. Mwini wake, mzungu wokalamba wopanda mkazi, anali ndi matenda osonkhanitsa tisitima totereti, moti tinadzaza chipinda chonse m'nyumba mwake. Atagulitsa esiteti kuti azibwerera kwawo, tina tonse anatilongedza m'mabokosi, koma iyi anapatsa abambo. Abambo ankati anawapatsa chifukwa cha kukhulupirika kwawo. Woyendetsa thirakitala amene anainyamula anatiuza, uku akumwa thobwa pakhonde, kuti mabokosi anachepa. Anzawo a abambo pochoka pa esitetipo anabwera ndi njinga, ena malata, wina ngolo. Athu anabwera ndi chidole chosaseweretsa.

Tsiku limene inafika anthu anasonkhana, chifukwa mbiri inali itawanda kuti pamudzi pakubwera sitima. Ife a kumtunda kuno tikamva sitima timaganiza ya panjanji. Mayi wina anaizungulira, n'kuwerama kusuzumira kunsi, kenako n'kufunsa kuti magudumu ake atsala kuti. Abambo anamuyang'ana ngati watukwana m'tchalitchi.

"Iyi ndi ya pamadzi, mayi. Musamaonetse umbuli pagulu."

Wonena za umbuliyo ndi munthu amene ankazungulira njira yaitali poopa kuwoloka dambo la kumunda kwathu mvula ikagwa.

Ndinene kaye za nyumba, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Abambo kwawo ndi cha ku Kaluluma, kwathu anabwera chikamwini. Malo ndi a amayi, munda ndi wa amayi, ndipo nyumbayo amene anaimanga ndi amayi, ndi ndalama za fodya wawo, zaka zimene abambo ankangotulukira kumapeto a mwezi kudzasintha malaya. Malata anakwanira pabalaza ndi chipinda chimodzi chachikulu. Kachipinda ka kumbuyo kanatsala ka udzu, ndipo kankadontha pakona ngakhale ukafolere bwanji. Amayi anali ndi mphumu kuyambira utsikana wawo. Chinyezi chikawalowa, chifuwa chinkalira ngati mwana wa mphaka, ndipo ankakhala tsonga atagwira maondo kudikira kuti mpweya ubwerere. Chipinda cha malatacho anachimangira chifuwa chawo, ndipo ankanena zimenezo poyera.

Sitimayo inayambira pabalaza. Posakhalitsa abambo anaona kuti pabalaza pamalowa fumbi, nkhuku, ndi ana a eni ake a zala zamamina. Anaisamutsira kuchipinda, pa tebulo limene amayi ankaikapo Baibulo ndi mafuta odzola. Kenako kunapezeka kuti utsi wa koloboyi ukudetsa galasi. Kenako zovala za amayi zinkanunkha kukhitchini, ndipo utsi wa nkhuni akuti umadya utoto. Kenako amayi akatsokomola, galasi akuti linkachita nthunzi. Sindinamvepo kuti mkonono wa abambo, umene unkamveka mpaka pa mjigo, unagwedezapo kabwato ngakhale kamodzi.

"Amake ana, muyambe mwagona kumbuyoko kwa kanthawi," anatero tsiku lina, "mpaka ndipeze kabati yabwino."

Amayi anapinda matiresi awo n'kupita. Pabalaza sakanagona, chifukwa akuti anthu akaona angaganize kuti banja latha. Pa chitseko cha chipinda panabwera loko, ndipo kiyi wake abambo ankayenda naye pa chingwe m'khosi. Za kabati sizinamvekenso.

Ine nthawi imeneyo ndinali pabanja, ndinkakhala ku Kasungu kuboma kumene ndinkasoka mayunifolomu a ana a sukulu. Kumudzi ndinkapita pafupipafupi, ndipo ulendo uliwonse ndinkabwerako mutu ukuwawa. Ndikafika, ndisanafunse n'komwe za moyo wa pamudzi, abambo ankandikokera kuchipinda kuti ndikaone mmene apukutira galasi. Anali ndi kansalu kake kake ka ntchito imeneyo, ndi nthenga ya nkhanga yochotsera fumbi m'makona. Ankalankhula za anthu a pamwamba ndi anthu a pansi m'sitimamo, za chipinda chodyera chokhala ndi oimba, za mphepo ya pakati pa nyanja, zonsezi ndi mawu a munthu amene wangotsika kumene. Zinali nyenyeswa za zimene mzungu uja ankabwebweta akamwa, abambo ataima pakhomo ndi chipewa m'manja. Sindinawafunsepo kuti iwo akanakwera akanakhala pamwamba kapena pansi, chifukwa yankho ndinkalidziwa ndipo iwo sankalidziwa.

Zinali zaka za makuponi. Munthu ankalandira kapepala kogulira feteleza motchipa, koma kuti kapepalako kasanduke thumba ankayenera kukaima pamzere kudepoti, padzuwa, akukankhana ndi mavenda. Oima pamzere anali amayi, ndi chifuwa chawocho. Abambo sakanatha, chifukwa pakhomo pakasowa munthu, sitima ayang'anira ndani? Matumba akafika pa ngolo ankafuna malo osadontha, ndipo m'chipinda cha malata malo analimo ambiri. Koma abambo anati fungo la feteleza limadetsa mkuwa. Pabalaza napo ayi, pamenepo ndi podikirira alendo odzaona sitima, ndipo alendo sangakhale pa matumba. Feteleza anakasanjidwa kumbali youma ya kachipinda ka amayi, amayiwo n'kusendera kumbali yodontha.

Nyengo ya fodya zinali chimodzimodzi. Fodya wosankha kale ndi mabelo odikira galimoto ya kuokushoni, zonse zinkapita kwa amayi. Amene anagonapo pafupi ndi belo la fodya akudziwa mmene limagwirira pakhosi, ngakhale kwa munthu wopanda mphumu. Choncho mkuwa unatetezedwa ku fungo, mapapo a amayi n'kuuzidwa kuti aone okha chochita.

Tsiku lina ndinawapeza akuyanika bulangete lonyowa pa chingwe, akupuma modukizadukiza.

"Amayi, kodi nyumbayi ndi ya ndani?"

"Ndi yathu."

"Yanu ndi sitima?"

"Iwe, usandiyambanitse ndi abambo ako. Munthu akachoka pantchito amasowa pogwira. Ziwathera zimenezi."

Mawu amenewo ankandipsetsa mtima kuposa loko uja. Amayi ndinkawakonda, koma kuleza kwawo kunkandinyansa, chifukwa ndiko kunkanenepetsa abambo.

Ndinapita kwa amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ndi mwini mbumba komanso nkhoswe ya banjalo. Anapsa mtima mokoma ndithu. Anati mkamwini sangatulutse mwini nyumba m'chipinda chake, anati akawauza mosapsatira mawu, ndipo akakana akawaonetsa njira ya ku Kaluluma. Anafika atavala jekete lawo la milandu. Abambo anawalandira mwaulemu n'kunena kuti nkhani zikuluzikulu sakambira pakhonde, alowe kuchipinda. Ine ndi amayi tinatsala panja tikuswa mtedza, makutu ali kuwindo, kudikira kuti mawu ayambe kukwera. Mawu amene tinamva anali a amalume.

"Nanga makala ankawathira pati, alamu?"

Anatuluka dzuwa litapendeka, maso ali ngwee. Anaima pamene panali amayi n'kuyamba kukanda pamutu.

"Mlongo, chinthu chija n'chosowa. Ngakhale kwa bwanamkubwa kulibe. Tapirirani pang'ono, alamu akuti akufunafuna kabati."

Mlandu unathera pomwepo. Kuyambira nthawi imeneyo amalume ankabwera ndi anzawo Lamulungu akaweruka kutchalitchi, n'kumawafotokozera okha za makala. Amuna akuluakulu, ena madikoni, ankavula nsapato pakhomo la chipinda n'kulowa monyang'ama, atapinda manja kumbuyo monga anawalamulira. Potuluka ankadutsa amayi akukolezera moto wa tiyi wawo, osafunsa kuti agona bwanji.

Chaka chotsatira, dzuwa la Okutobala lili pa chimake, kunabwera chiyembekezo. Mwini golosale wina pa Santhe, Msilamu amene ankapita ku Lilongwe kukaoda katundu, anauza abambo kuti kumeneko kuli anthu osakasaka zinthu zakale zotere, amene amazigula n'kukazipereka kwa osonkhanitsa akunja. Anati abwera naye mmodzi Loweruka. Amayi ananditumizira uthenga kuti ndisalephere. Ndinawapeza atapha tambala, atasesa bwalo mpaka kunjira, atavala chitenje chimene ankasungira maukwati. Anandikokera kukhitchini.

"Akaitenga, ndibwerera m'chipinda mwanga mvula isanayambe," ananong'ona.

Sanafunse kuti munthuyo agula pa mtengo wanji. Akanati atenge ulere, iwo akanamunyamulira mpaka kugalimoto.

Mlendoyo anali bambo wochepa thupi, wa magalasi, wolankhula motsitsa. Anaizungulira sitimayo ndi katochi, akusuzumira m'timawindo, akuyang'ana kunsi kwa timabwato. Anati ndi yeniyeni, yakale ndithu, yopangidwa ndi manja, ndipo kunja kuli anthu amene amalimbirana zoterezi. Anayamikira kuti sanaipakepo utoto wina kapena polishi. Mawu aliwonse abambo ankatupa nawo ngati chule. Kenako mlendoyo analoza ndi cholembera timatabwa ta pamwamba timene tinali titayamba kutukuka, ndi kamng'alu kamene kanayenda m'mbali. Anakweza maso kuyang'ana kudenga.

"Malatawa akutentha, bambo. Yauma kwambiri. Musaigwire chilichonse. Ndibweranso ndi munthu wodziwa kukonza, ndiye tidzakambirana zogula."

Ine ndinamva bwinobwino. Chimene chinkaipha sitimayo ndi chipinda chomwecho chimene anailandira. Ikanakhala kwina kozizira ikanakhala bwino, ndipo amayi akanakhala bwino. Ndinayang'ana abambo kuti ndione ngati zawafika. Pa zonse zimene munthuyo ananena, iwo anatolapo mawu awiri okha: yauma kwambiri.

Mlendo anadya tambala n'kupita. Fumbi la galimoto lisanakhazikike, abambo anali atayamba kale.

"Zogula? Wamuuza ndani kuti pano pali malonda? Ndipo mwana wa m'tauni abwere kudzandiphunzitsa ine za kuuma? Ine?"

Apa ndiwachitire chilungamo, ngakhale sindikufuna. Fodya ankamudziwa. Tsamba la fodya likauma kwambiri limafumbutuka ukaligwira, sungalisankhe ndipo sungalimange. Mlimi aliyense kwathu amadziwa chochita: amalifewetsa. Ena amaliyala pa mame m'mamawa, ena amalifunditsa ziguduli zonyowa, masaka omwe aja okulungira mabelo, mpaka litafewa moti ulipinde osathyoka. Abambo pa esiteti ankangotsina tsamba ndi zala ziwiri n'kudziwa ngati lakwana kapena ayi, ndipo matenanti ankaziopa zala zimenezo. Kwa munthu wotere, chinthu chikauma kwambiri palibe chodikira katswiri wa ku Lilongwe. Katswiri ndi iyeyo.

M'mawa mwake anachotsa bokosi lagalasi, anatenga ziguduli zimene amayi anasungira mabelo a chaka chamawa, n'kuwatuma amayi omwewo kumjigo. Amayi anatula ndowa pakhomo la chipinda, poti mkati sankaloledwa.

"Abambo ake, munthu uja anati musaigwire. Sitima si fodya."

"Ndi thabwa. Thabwa ndi mtengo, fodya ndi mtengo. Ndiponso iyi si ya pamadzi kodi? Munamvapo kuti sitima ikuopa madzi?"

Anaseka okha, atakondwa ndi nzeru zawo. Ine ndinati ndiyankhe, amayi n'kunditsina pamkono. Abambo anaviika ziguduli, kuzifinya pang'ono monga amachitira wodziwa ntchito, n'kuifunditsa sitima yonse kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Anatseka windo kuti chinyezi chisathawe. Ndinabwerera kuboma tsiku lomwelo, koma ndinamva kuti sabata yonse ankanyowetsa ziguduli m'mawa ndi masana, ndipo madzi ake otunga anali amayi.

Loweruka lotsatira ndinapitanso, chifukwa abambo anali atalengeza kuti akuvundukula. Anaitana amalume ndi madikoni awo kuti adzaone ndi maso mmene kapitawo amachitira zinthu zimene a m'tauni amalephera. Ngakhale ife akazi tinaloledwa kuima pakhomo. Chitseko chitatsegulidwa, kunatuluka fungo ngati la chikopa cha mbuzi chimene chavumbwa. Pambuyo pake kalipentala wina anandiuza kuti guluu wa akale ankapangidwa ndi zikopa ndi mafupa, ndipo madzi amamubweza kukhala msuzi. Tsikulo palibe amene ankadziwa zimenezo. Abambo anangoti ndi fungo la nyanja.

Anagwira nsonga ya chiguduli choyamba ndi zala zawo ziwiri zotchukazo, n'kukweza. Chumuni cha kutsogolo chinanyamuka limodzi ndi chigudulicho. Anaima kaye, n'kuchibwezera pamalo pake, koma chinapendama n'kugwera pa chinzake, chinzakecho n'kugwetsa chachitatu. Anakoka chiguduli chachiwiri mofulumira, ngati kuti kufulumira kuthandiza. Utoto woyera unatsala pa saka. Timabwato tonse tinali titathothoka. Timatabwa ta pamwamba, timene anati atifewetse, tinali titapindika ngati makaka, ndipo timipando ta azungu tinaunjikana pakona imodzi m'matope a guluu. Kamng'alu kaja kanali katatseguka moti dzanja likanalowa. Zilembo zamkuwa zinagwera pa tebulo chimodzichimodzi, tikuonerera.

Madikoni anayang'ana zala zawo za kumapazi. Amalume anasendera pafupi, anatsina kathabwa kamodzi, kakupindika m'zala mwawo.

"Koma yafewadi, alamu."

Ndinaseka. Ndinathawira kuseri kwa chigafa cha fodya n'kukaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono. Ndikakumbukira lero ndimasekabe.

Amayi sanaseke. Anawathira alendo madzi osamba m'manja ngati palibe chachitika. Koma masana amenewo anatulutsa matiresi awo n'kuwayanika padzuwa, anachapa bulangete ndi nsalu ya pa tebulo imene anaisunga m'sutikesi chichokereni m'chipindamo. Ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Pamene ndinkawathandiza kufinya bulangete anandiyang'ana, nkhope ili yowala ngati ya mtsikana.

"Ndiwasiye lero alire. Mawa ndisamuka."

Abambo sanatuluke tsiku lonse, chakudya chinabwerera chosakhudza. M'mawa amayi anapinda zinthu zawo, ine n'kunyamula matiresi, tonse n'kukaima pakhomo la chipinda. Chitseko chinali chotsegula. Bedi linali litaimikidwa kukhoma. Pansi ponse panali patayalidwa mapepala akhaki a fodya, ndipo abambo anali atagwada pakati, akusankha. Ankasankha sitima monga amasankhira fodya: machumuni pawokha, timabwato patokha, timipando tathunthu apa, tothyoka apo, timatabwa tatitali mzere wake, tatifupi mzere wake, topindika kwambiri kumapeto ngati fodya wa makhakha, wotsika mtengo uja. Kuyambira pakhomo mpaka pawindo panalibe poponda.

"Imani pomwepo. Mungaponde masitepe."

"Ndimati ndilowetse zinthu zanga," anatero amayi.

"Muziika pati? Simukuona kuti malo achepa? Ine amene ndiyamba kugona pabalaza."

Choncho pabalaza, pamene amayi akanagona banja likanaoneka lotha, abambo anagonapo banja n'kukhala lolimba. Sitima ili yathunthu inkadya tebulo limodzi. Itaphwasuka inadya chipinda chonse. Ndinanyamula matiresi aja kubwerera nawo kumbuyo, amayi akunditsatira ndi nsalu ya pa tebulo m'manja.

Bambo wa magalasi uja anabweradi ndi mnzake wodziwa kukonza. Anasuzumira pakhomo, anayang'anana, n'kufunsa njira yachidule yotulukira ku msewu waukulu. Ulendo umenewo tambala sanafe. Abambo anati anthuwo achita manyazi poona kuti ntchito yawo yagwidwa ndi wina.

Kumata anayamba ndi phala la ufa wa chinangwa. Linaitana nyerere ndi mphemvu za mudzi wonse. Anayesa ulimbo, timabwato n'kumamatirira ku zala zawo m'malo mwa ku sitima. Tsiku lililonse ankati chatsala n'chochepa.

Mvula inayamba. Feteleza wa makuponi a chaka chimenecho anafika, amayi atamuimira pamzere monga mwa masiku onse, n'kukasanjidwa pamalo pake pomwe paja. Denga la udzu, limene abambo analonjeza kufolera akamaliza machumuni, linayamba kudontha pakona ndi pakati pomwe. Mvula yachiwiri itagwa ndinalandira uthenga kuti amayi awatengera kuchipatala pa njinga, akulephera kupuma. Ndinawapeza atakhala tsonga pa bedi la kuchipatalako, milomo itachita bii. Adokotala anandiuza mosabisa kuti munthu wa mphumu wotere sayenera kugona pa chinyezi kapena pafupi ndi feteleza, ndipo akapitiriza tsiku lina njinga idzachedwa.

Ndinapita molunjika kwa abambo. Ndinawapeza atagwada pa mapepala awo, akuyesa kuimika kampando ndi chitsotso cha machesi.

"Abambo, chotsani zinyalalazi. Amayi agona muno lero."

"Zinyalala? Iwe, chinthu ichi chinawoloka nyanja."

"M'bokosi. Chinawoloka m'bokosi, ndipo pobwerera bokosi linachikana. Amayi akufa kumbuyoko."

"Asafe, ndatsala pang'ono. Ndikangomata machumuni, zina zonse n'zosavuta."

Ndinawauza mawu amene mwana sauza bambo wake, ndipo mpaka lero sindinabweze ngakhale amodzi. Iwo sanakweze mutu. Ananditulutsa ndi dzanja monga amapitikitsira nkhuku, n'kutseka chitseko. Ndinafuna kuthyola loko uja ndi khasu, koma amayi, atabwera kuchipatala, anandigwira mkono n'kunena kuti ndikatero iwo sadzayendanso mutu uli m'mwamba pamudzi. Amalume nawo anabwera ndi jekete lawo. Ananena kuti nkhaniyi ndi yovuta mbali zonse ziwiri, ndipo nzeru ndi yakuti ndiwatenge kaye amayi kuboma mpaka alamu amalize. Mwini mbumba anagamula kuti mwini nyumba achoke, mkamwini atsale ndi timipando take.

Amayi anakana. Chimanga chawo chinali chitangomera, fodya atangowokera kumene. Pamudzi pamenepo ndi pamene anabadwira, ndipo mkazi wa kwathu sachoka pa malo ake kusiya mkamwini akuotha dzuwa pakhonde. Anati anthu adzawaseka. Ndinawauza kuti anthu anayamba kale kuseka. Koma chifuwa chitawagwiranso kachiwiri sabata yomweyo, analeka kutsutsa. Tikulongedza zovala m'kachipinda kaja, pakati pa matumba a feteleza ndi mabeseni otchera madzi, anakhala pa matiresi n'kundiuza osandiyang'ana.

"Abambo ako akangonena kuti ndisapite, sindipita. Ngakhale asatsegule chipindacho. Angonena chabe."

Ndinawayankha kuti akanena ndiwanyamula ndithu pamsana. Koma mumtima ndinkaopa kuti anenadi, chifukwa munthu amafuna womuphikira.

Tinabwereka ngolo kuti itifikitse ku msewu, kumene tikanakwera minibasi. Amayi anatsanzika anansi, anazungulira khola la nkhuku, anauza mkazi wa amalume tsiku lothira feteleza woyamba. Ankachita zonsezi pang'onopang'ono, akuyang'ana kukhomo la nyumba. Abambo sanatuluke. Amayi anapita kukaima pa chitseko cha chipinda n'kunena kuti, "Abambo ake, ife tikupita." M'katimo munamveka kuti, "Eya, eya," mawu a munthu amene wagwira chinthu ndi manja onse awiri. Tinakwera. Ng'ombe zinanyamuka, amayi atakhala chakumbuyo kwa ngolo, nkhope italoza kumudzi.

Tinali titadutsa pa mjigo pamene tinamva kuitana. Abambo anali kubwera akuthamanga, opanda nsapato, m'matope, kiyi akuwamenya pachifuwa. Sindinawaonepo akuthamanga pa moyo wanga wonse. Ankakupiza dzanja kuti tiime.

"Imitsani," anatero amayi kwa mwini ngolo. "Imitsani, a bambo."

Anakonza duku lawo. Anasuntha kachikwama kamene kanali pamiyendo n'kukapereka kwa ine, anagwira thabwa la m'mbali, n'kutsitsa mwendo umodzi kufunafuna popondera. Nkhope yawo sindifuna kuifotokoza. Ndinaiona, ndipo ndi chifukwa chake abambo sindinawakhululukire.

Anafika ali wefuwefu, n'kugwira ngolo kuti asagwe. Anapuma kaye. Kenako anayang'ana ine.

"Iwe, ndinaiwala. Ukafika kuboma undigulireko guluu wa matabwa, woyera uja wa m'botolo. Upatsire wa golosale akadutsa kubomako."

Atatero ndi pamene anaona mwendo wa amayi ukulendewera.

"Amake ana, bwezani mwendowo, mungagwe."

Amayi anaubweza. Anatenga kachikwama kawo kwa ine, anakonza chitenje pamaondo, n'kutembenuka kuyang'ana kumene kunkapita ng'ombe. Anauza mwini ngolo kuti tiyeni, ndipo ku Santhe sanakagonekonso.